Funsani Dokotala: Kodi kupuma pa ntchito msanga kumapha?

A Dokotala, ndili ndi zaka 52 ndipo ndagwira ntchito ya mu ofesi ku Limbe kwa zaka 24. Masiku ano mutu umandiwawa kunkhongo, sindichedwa kutopa, usiku ndimadzuka kanayi kukataya madzi. Ndimamwa Brufen kapena Indocid wogula pagolosale. Ndikufuna kupuma pa ntchito chaka chino ndizikalima kwathu ku Thyolo, koma anzanga awiri amene anapuma asanakwane zaka 55 tinawaika m'manda pasanathe zaka ziwiri. Akazi anga akuti penshoni imapha. Kodi ndipirire mpaka zaka 60?
Bambo wa ku Chilomoni

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mwatchula mutu ndi kutopa, koma ine ndikuona kuti chikukusowetsani mtendere ndi maliro awiri aja.

Penshoni siipha munthu. Mawu akuti penshoni imapha ndimawamva kawirikawiri kuchipatala, ndipo amandipweteka mtima chifukwa amabisa chimene chikupha anthu. Ambiri amene amapempha kupuma msanga amakhala kuti thupi layamba kale kuwakanika, monga mukumvera inuyo. Amati ndi ukalamba, ena amati mabwana awatopetsa, osapita kukayezetsa. Matenda amene anawachotsa pa ntchito aja amapita nawo kumudzi, kutali ndi chipatala, medical scheme ya kuntchito itatha. Tsiku lina munthu amagwa kudimba, mbali imodzi yafa. Pasiwa anthu amaloza chala penshoni, pamene BP inakhala ikuwononga mitsempha mwakachetechete zaka zambiri munthuyo akadali pa desiki. Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti m'Malawi muno pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa.

Zoona, alipo amene akalandira ndalama zawo amangokhala pakhonde, mowa tsiku ndi tsiku, thupi n'kumanenepa, anzawo ocheza nawo kulibe. Moyo wotero umawononga. Koma munthu wogwira khasu m'mawa, wopita ku tchalitchi, wodya masamba a kudimba kwake, kupumako kumamukomera. Dziwaninso kuti kupirira mpaka 60 sikungakutetezeni. Wa BP yosayezedwa amagwera ngakhale mu ofesi momwemo.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono, bambo. Zaka 24 mukudutsa pafupi ndi zipatala m'mawa ndi madzulo, koma dokotala wanu ndi mnyamata wa pagolosale? Brufen ndi Indocid akamamwedwa kawirikawiri amakweza BP, amawononga impso, amayambitsa zilonda zam'mimba. N'kutheka kuti mankhwala omwewo akuwonjezera vuto lanu. Asiyeni lero. Mutu ukavuta imwani Panado podikira kuonana ndi dokotala. Adyo ndi mandimu amene anthu amalangizana pa WhatsApp sangalowe m'malo mwa kuyezetsa.

Kudzuka kanayi usiku pamodzi ndi kutopa kukundichititsa kuganizira shuga. Kwa mwamuna wa msinkhu wanu tiyenera kuonanso prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo.

Sabata ino, musanalembe kalata yopuma, pitani ku chipatala cha Chilomoni kapena kulikonse kumene scheme yanu imalandiridwa. Mupite m'mawa musanadye kanthu kuti akayeze shuga, ikafika 7.0 mmol/L kapena kupitirira, adzabwerezanso kuti atsimikize. BP ayeze masiku osiyana, chifukwa kamodzi sikokwanira. Ikamapezeka 140/90 kapena kuposa, ndi yokwera. Pemphani ayeze mkodzo ndi impso, ndipo mutenge mapaketi a mankhwala mwakhala mukumwawo akawaone. Mayi apite nawo amve okha, nawonso ayezetse.

Akakuyambitsani mankhwala, musadzawasiye poti mwafika kumudzi ndipo maganizo achepa. BP ndi shuga sizitha chifukwa munthu wasiya ntchito. Funsani kalata yoti muzikalandirira ku chipatala cha boma cha Thyolo. Zotsatira zikakhala m'manja mwanu, mpamene mukhale pansi ndi mayi n'kuwerengera ngati penshoniyo ikwanire chakudya, fizi ya ana ndi thiransipoti ya kuchipatala mwezi ndi mwezi.

Pakadali pano, mukaona pakamwa papotoka, dzanja kapena mwendo wafooka mbali imodzi, mawu akukanika kutuluka, kapena chifuwa chikupweteka ngati mwatsamiridwa ndi mwala, musadikire kuche. Pezani galimoto muthamangire ku Gulupu nthawi yomweyo.