5 μC/cm ndi 5 × 10⁻⁴ C/m achimwene, musagawe kawiri

Achimwene, pa funso lanu losintha 5 μC/cm (ma microcoulomb 5 a charge pa sentimita iliyonse) kukhala ma coulomb pa mita, 5 × 10⁻⁸ C/m mwapezayo ndi yolakwika, ndipo amene akukuuzani kuti zili bho akukulowetsani m'dzenje. 5 μC/cm ndi 5 × 10⁻⁴ C/m. Mwaphonya ka 10,000, chifukwa pa sentimita munagawa ndi 100 pamene pamafunika kuchulukitsa.

Taonani pamene sentimitayo yakhala, ili pansi pa mzere. Pamwamba, 5 μC ndi 5 × 10⁻⁶ C. Pansi, 1 cm ndi 10⁻² m. Mukagawa 10⁻⁶ ndi 10⁻² mupeza 10⁻⁴, basi. Ngati manambalawa akukuzunguzani mutu, ganizani za mzere wa kachewere ku Tsangano: munthu wothira supuni imodzi ya feteleza pa sentimita iliyonse, akamafika mita yathunthu amakhala atathira masupuni 100. Ndiye nambala ya pa mita siingachepe kuposa ya pa sentimita, zivute zitani.

Amene amandipsetsa mtima ndi anthu ena ophunzitsa part-time, oloweza ana kuti "ukangoona centi, gawa ndi 100". Ndalama amalandira mwezi ndi mwezi, koma kufunsa mwana kuti centi ali pamwamba kapena pansi, ayi. Lamulo lawolo limagwira posintha kutalika kwa ndodo, 20 cm kukhala 0.2 m. Pa λ, yomwe ndi charge pa utali monga C/m yathuyi, limapha munthu, ndipo limapha mwakachetechete.

Pa mayeso zimayenda chonchi. Gawo (a) akuti sinthani λ. Gawo (b) akufuna electric field pa mtunda wa 10 cm kuchoka pa waya wautali: E = λ/(2πε₀r), pomwe r ndi mtundawo ndipo ε₀ ndi nambala yosasintha, kapena mwachidule 1.8 × 10¹⁰ × λ/r. Wolakwitsa uja amalowetsa 5 × 10⁻⁸ ndi r = 0.1 m, n'kupeza 9,000 V/m. Nambala yooneka bwino, amatuluka m'chipinda akumwetulira. Amene wasintha molondola amapeza 9 × 10⁷ V/m, n'kukumbukira kuti mpweya wouma umayamba kuthetheka pa 3 × 10⁶ V/m, mtima n'kuyamba kugunda kuti mwina wasokoneza. Nthawi yatsala pang'ono, woyang'anira wayamba kale kusonkhanitsa mapepala kutsogolo uko. Amakhwatcha yankho lolondola, n'kulemba lolakwika mothamanga, ndipo gawo (c) la force pa charge ina limagwa nalo limodzi poti likudalira E yemweyo. Pepala likabwera, yankho loona lili pomwepo koma lokhwatchidwa ndi dzanja lake lomwe. Olemba mafunso nawonso ali ndi mlandu: amangotola 5 μC/cm osalabadira kuti ndodo yeniyeni siingasunge charge yochuluka choncho mumpweya. Choncho yankho lisakunyengeni ndi maonekedwe.

Wina wokupherani malikisi ndi mapepala a fotokope ya fotokope amene timagawana aja. Mchira wa μ umafufutika, wina pokopera pamanja n'kuika m. Milli ndi 10⁻³, micro ndi 10⁻⁶, nano ndi 10⁻⁹. Kalemba kamodzi, mwachoka ka 1,000.

Calculator nayo ili ndi msampha wake. Mukafuna 10⁻⁶ n'kudina 10, kenako batani la EXP kapena ×10ˣ, kenako −6, makinawo amawerenga 10 × 10⁻⁶, yomwe ndi 10⁻⁵. Yambani ndi 1, kapena 5 EXP −6 mwachindunji. Ndipo 2πε₀r yonse muitsekere m'mabulaketi, apo ayi π, ε₀ ndi r zikhoza kuchulukitsa m'malo mogawa.

Zinazi n'zachangu. 1 C/cm ndi 100 C/m. 1 nC/mm ndi 10⁻⁹ kugawa ndi 10⁻³, ndiye ndi 1 μC/m ndendende. Inchi ndi 2.54 cm, choncho 1 C pa inchi ndi pafupifupi 39.37 C/m. M'mabuku akale a CGS (ma unit a sentimita, galamu ndi sekondi) mupezamo abcoulomb, yomwe ndi 10 C, ndiye 1 abC/cm ndi 1,000 C/m. Statcoulomb ndi pafupifupi 3.34 × 10⁻¹⁰ C, ndiye 1 statC/cm ndi 3.34 × 10⁻⁸ C/m. Funso likasintha n'kukhala la σ (charge pa area, surface), 100 uja muiwale: 1 C/cm² ndi 10,000 C/m², ndipo pa ρ (charge pa volume), 1 C/cm³ ndi 1,000,000 C/m³.

Ma converter a pa intaneti ndi amene apangitsa ana kukhala aulesi, munthu amangodina osadziwa kumene 100 wachokera, ndipo m'chipinda cha mayeso foni simulowa nayo. Komabe mukamaliza kuwerengera pamanja, tsegulani imodzi mufanizire, bola muonetsetse kuti mwasankha linear osati surface. Ndipo ngati mukuwerengera chinthu chenicheni, osati funso la m'buku, pamenepo kukula kwa nambala muzikuyang'ana ndithu. Mawaya a ESCOM a 11 kV ndi 33 kV amene timawaona ku Dedza ndi ku Ntcheu, charge yake siifika ngakhale 1 μC pa mita. Wina akakuuzani kuti wapeza 2 C/m pa waya wotero, mubwezereni akayambirenso pa ma unit.

Pa funso lanulo lembani mizere itatu yosiyana: charge mu C, kutalika mu m, kenako kugawa. Ochonga mayeso ambiri amapereka malikisi a njira ngakhale nambala yomaliza itaphonya, koma amapereka pa zimene akuziona papepala.