Phungu akakhalitsa pampando

Funso: A Mkonzi, ine ndimagulitsa tomato ku Soweto kuno ku Lusaka. Phungu wa kwathu kumudzi wakhala pampando chibadwireni mwana wanga woyamba, ndipo mwanayo pano ndi wapabanja. Mlatho wathu ukadali wamitengo. Pulezidenti amalekeza maulendo awiri, nanga phungu alibe malire? — Mayi wa ku Chawama

Yankho: Amayi, malire kulibe. Malamulo a Zambia amati pulezidenti alamulire zaka zisanu kawiri basi, koma phungu angathe kuima pachisankho mobwerezabwereza, bola anthu azimuvotera. Kuyambira 2016 amafunikanso kukhala ndi satifiketi ya Giredi 12.

Konkuno ku Lusaka, a Given Lubinda anaimira Kabwata kuyambira 2001 mpaka 2021. Analowa ndi chipani cha UPND, kenako anapita ku chipani cha PF, anakhala nduna yoona za maiko akunja nthawi ya a Sata, ndi nduna ya zachilungamo nthawi ya a Lungu. Chipani anasintha, koma anthu a ku Kabwata sanawasiye.

Koma amene ndimawaganizira kwambiri ndi a Jack Mwiimbu a ku Monze Central. Nawonso analowa mu 2001. Zaka 20 zathunthu anakhala ku mbali yotsutsa boma, opanda galimoto ya mbendera, opanda unduna. Mapulezidenti anayi anadutsa, a Mwanawasa, a Banda, a Sata ndi a Lungu, iwo ali pa benchi yomweyo. Mpaka 2021, chipani chawo cha UPND chitapambana, ndi pamene anapatsidwa unduna wa za m'dziko. Ine ndinkawamvera pa wailesi ya Nyumba ya Malamulo ndili m'minibasi, akuimirira kukumbutsa Sipikala kuti apa lamulo laphonyedwa. Luso limenelo phungu watsopano sabwera nalo. Amafika ku Manda Hill, komwe kuli Nyumba ya Malamulo, osadziwa kuti funso limalembedwa bwanji kuti nduna isalizembe, ndipo pamene akuti wazolowera, chisankho chafikanso.

Ndiye sindingakuuzeni kuti kukhalitsa n'kulakwa. Koma za mlathozo zandikhudza, chifukwa mayi anga ankawoloka wotero dzinja lililonse, thumba la chimanga lili pamutu, mitengo ikuterera.

Kale phungu ankatha kunena kuti ndalama n'zochepa, ndipo sankanama. Thumba la CDF, la ndalama zomwe boma limapereka zotukulira chigawo cha phungu, linali K1.6 miliyoni pa chigawo chilichonse. Mu 2022 linakwera kufika pa K25.7 miliyoni. Ndalamazi sizilowa m'thumba la phungu. Zimadzera kukhonsolo, ndipo zofuna za anthu zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'wodi. Komabe phungu amakhala m'komiti yosankha ntchitozo, choncho asakuuzeni kuti sizimukhudza.

Mukapita kumudzi, uzani abale alembe pempho la mlathowo, amfumu asaine, alipereke kwa khansala ndi ku komiti ya m'wodi, kope lina asunge. Akatero apite ku ofesi ya phungu, pakuti chigawo chilichonse chili nayo, akafunse ntchito zomwe zavomerezedwa chaka chino. Inuyo Lachisanu m'mawa, Nyumba ikamakumana, tsegulani wailesi pa benchi lanu la tomato. Nthawi imeneyo aphungu amafunsa mafunso wachiwiri kwa pulezidenti. Mvetserani ngati wanu aimirire n'kutchula dzina la mtsinje wa kwanu.