Funso la ku Joni: kodi a Lilian Patel akhala akuvota bwanji ku palamenti?

Imelo yabwera kuchokera kwa achimwene ena a kwathu kuno ku Mangochi koma pano ali ku Joni kosaka. Akuti pa gulupu ya WhatsApp ya kumudzi kwawo kwavuta, amalume awo akuti mayi Lilian Patel ndi phungu amene dera la Mangochi South silidzampezanso, anyamata akuti ayi zaka zonsezo palibe chooneka. Nde akundifunsa kuti kodi mayiwa akhala akuvota bwanji ku palamenti, maganizo awo pa nkhani zikuluzikulu ndi otani, ndipo kodi pali pomwe munthu angapeze mndandanda wa mavoti awo kuti mkanganowo uthe.

Achimwene, mndandanda mukuufunawo kwa phungu wa ku Malawi ndi waufupi kwambiri, osati kwa mayi Patel okha koma aliyense, ndipo chifukwa chake ndi mmene nyumba ija imavotera. Mabilu ambiri amadutsa ndi mawu basi. Sipikala amafunsa ovomera kuti anene Aye, okana anene No, kenako iye amamva mbali yomwe yakuwa kwambiri nkugamula, zatha. Palibe amalemba kuti wa Mangochi South wati chani, wa Monkey Bay wati chani, mwina panthawiyo munthu anali panja akuyankha foni ya maliro kumudzi. Maina amatuluka pokhapokha pakachitika zomwe amati division, pomwe amaitana dera limodzilimodzi phungu nkuyankha yekha aliyense akumva, ndipo izi zimachitika kwambiri posintha Constitution chifukwa pamenepo pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, kapena mbali ina ikakana kuvomereza chigamulo cha Sipikala. Nde pa zaka zisanu mavoti oterewa mutha kuwawerenga ndi zala.

Za mbiri yawo zokha ndi zodziwika. Ndi a UDF kuyambira kale, nthawi ya a Bakili Muluzi anali nduna mmaunduna angapo, kuphatikizapo wa zaumoyo, kenako kuchokera 2000 mpaka 2004 anali nduna yoona za maubale ndi maiko akunja. Anakhalako kunja kwa palamenti kwa teremu imodzi nkubweleranso mu 2014, mu 2019 anawinanso, ndipo mu 2022 Atupele Muluzi atatula pansi utsogoleri wa chipani mayiwa ndi amene anagwirizira mpandowo mpaka iye atabwerera. Apa amalume anu ali ndi mfundo, ndale za kuno munthu kukhalitsa choncho osasintha malaya si zamasewera, tawerengani aphungu a chigawo chino omwe anayamba achikasu, mawa abuluu, mkuja aorenji kenako abuluunso.

Koma pa funso la maganizo awo ndi pomwe muyenera kusamala. Nduna ilibe maganizo akeake pagulu, zimene kabineti yagwirizana ndi zomwezo, ukatsutsa utule pansi udindo. Zaka zomwe anali ku unduna wa zakunja zinali zovuta, Malawi anali adakali paubale ndi Taiwan (China tinapita nayo nthawi ya Bingu, ndipo nyumba ya palamenti ya ku Lilongwe yomwe inatsegulidwa mu 2010 anamanga ndi ma China omwewo), mu 2002 Denmark inatseka ofesi yake ya kazembe nkuimitsa thandizo, chaka chomwecho kunali njala ija chimanga cha mnkhokwe za boma chitagulitsidwa. Zonse zomwe nduna imayankhula nthawi imeneyo zinali mawu a boma la a Muluzi, nde mukazitenga ngati mtima wa munthuyo mungalakwitse, olo mukuyamikira olo mukunyoza.

Voti yomwe anthu amaikumbukira nthawi imeneyo ndi ya pa 4 July 2002, bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a pulezidenti, ija timati open term. Anaibweretsa ndi phungu wa AFORD Khwauli Msiska ngati bilu yake, koma aliyense amadziwa kuti mwini wake ndi UDF. 125 anavomera, 59 anakana, inapelewera mavoti atatu okha. Mipingo, ma NGO ndi ena a mu UDF momwemo anali atakana kale, ndipo mu January 2003 atayesanso ndi ya third term zinakanikanso. Tsiku ngati limenelo ndi lomwe Hansard, buku la zoyankhulidwa mu palamenti, imakhala ya phindu, chifukwa aliyense anayankha ndi pakamwa pake. Chipani cha mayi Patel chinali mbali yofuna biluyo ndipo iwo anali mu kabineti, zimenezo anyamata a pa gulupu yanu akhoza kuzitchula ndipo sakunama.

Kuchokera pamenepo nkhani ya phungu aliyense wa UDF, wa kuno ku Mangochi kapena ku Machinga, yakhala ikutsatira komwe chipani chakhala. Bingu atatuluka mu UDF mu February 2005 nkuyambitsa DPP, anthu omwe anamuchitira kampeni anapezeka ali otsutsa mwadzidzidzi, nde kunabwera za impeachment, kenako nkhondo ya Section 65 yomwe inagwira bajeti ya 2007 ndi 2008 otsutsa akuti Sipikala ayambe wathamangitsa omwe anawolokera ku boma ndiye tikambe za ndalama. Patapita zaka UDF yomweyo inakakhala kumbali ya boma la a Peter Mutharika Atupele ali nduna, Lucius Banda wa ku Balaka ndi amene anakana kusamuka nawo. Mu December 2017 mabilu a 50+1 omwe bungwe la mipingo la Public Affairs Committee (PAC) limakakamira anagwa ndi mavoti a mbali ya boma, UDF ili komweko. Kenako khoti litafafaniza chisankho pa 3 February 2020 nkunena kuti majority ndi 50+1 yomweyo, UDF inapanga mgwirizano ndi DPP Atupele nkukhala running mate pa chisankho cha 23 June 2020. Mukaona mzere umenewu muona kuti voti ya phungu imachokera kwa whip, yemwe amauza aphungu a chipani movotera, ndipo Section 65 imamuopseza kuti akalowelera kwina mpando ukhoza kupita, pomwe Section 64 yomwe imapatsa ife ovota mphamvu yomuchotsa phungu pakati pa teremu anaichotsa aphungu okhaokha mu 1995. Ndiye munthu aziopa ndani pakati pa chipani ndi inu?

Si kuti mavoti onse amagawa nyumba. Pa 14 February 2017 anasintha Constitution kuti mwana ndi aliyense osakwana zaka 18 ndipo asakwatiwe olo makolo avomere, 131 anavomera awiri okha anakana, kutsatira lamulo la maukwati la 2015. Kwa ife kuno komwe atsikana amasiyira sukulu panjira nkukwatiwa ndi a ku Joni (pepani achimwene, sindikunena inu) imeneyo ndi voti yomwe inatikhudza kuposa zambiri zomwe timakangana pa WhatsApp. Koma poti pafupifupi onse anavomera, siikuuzani kusiyana kwa phungu uyu ndi uyo.

Nde ngati mukufunadi kumuyeza phungu, kaya ndi mayi Patel, kaya a Aisha Mambo Adams a ku Nkungulu omwe anakhala wachiwiri kwa wachiwiri wa Sipikala mu 2019, kaya a Ralph Jooma ku Monkey Bay kapena a Shadric Namalomba omwe anatsogolerako komiti ya Public Accounts, ine ndimayang'ana Hansard kaye. Ndi buku lomwe amalemba liwu lililonse loyankhulidwa mnyumbamo, mu chizungu poti ndi chomwe amagwiritsa ntchito, ndipo ena amapezeka pa webusayiti ya palamenti. Mmenemo muona mafunso omwe phungu anafunsa nduna, ndipo mafunso ake amafanana chaka ndi chaka, nduna ilingalire zokumba mijigo pamudzi wakuti, ilingalire zomanga nyumba za aphunzitsi, ilingalire za mlatho. Chomwe ndimasaka ine ndi funso lachiwiri, nduna ikayankha kuti tichita ndalama zikapezeka, kodi phungu anaimanso nkufunsa kuti liti, ndipo chaka chotsatira anabwereranso nalo? Nkhani ya nsewu wa ku Makanjira yakhala ikutchulidwa mnyumba imene ija kuyambira kalekale, nde mukamawerenga mumatha kuona amene amaitsatira ndi amene amangoikumbuka chaka cha kampeni. Chimodzimodzi za asodzi, chambo chinatha mu Malombe tonse tikuona, fufuzani kuti ndi angati mwa aphungu 12 omwe boma lino linali nawo madera a dziko lonse asanachuluke kufika 229 mu 2025 amene anaimapo pa bajeti ya Fisheries.

Kwinako ndi ku makomiti, komwe ntchito yeniyeni imachitikira koma sikumveka pa wailesi ngati zokuwizana za mchipinda chachikulu, ndi ku khonsolo. Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, zinayamba mu 2006 zili zochepa, zinakwera kufika K100 miliyoni kenako mu 2024 K200 miliyoni pa dera pachaka, ndipo zimadutsira ku khonsolo ya boma. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu September 2020, kutanthauza kuti m'bale wanu amene ali kuno akhoza kulemba kalata kwa DC kupempha mndandanda wa zitukuko za CDF za dera lanu chaka ndi chaka, ndi ndalama zake. Akaupeza atenge kabaza akaone ngati buloko ya sukulu yalembedwayo ilipodi, ili ndi denga kapena inathera pa windo. Akapanda kuyankhidwa, lamulo lomwelo linapereka udindo woyang'anira zimenezi ku Malawi Human Rights Commission, akadandaule kumeneko.

Amalume anu ndikuganiza akuyeza ndi zina, kuti pamaliro anabwera, galimoto inanyamula odwala, anathandiza pa nsikiti kapena pa tchalitchi, ndipo kumudzi zimenezo ndi zomwe zimawinitsa chisankho, sindingawanyoze. Kungoti sizilembedwa paliponse nde pa gulupu mungokangana mpaka bandulo ithe. Ponyanipo kaye Hansard ya pa 4 July 2002 ndi ya December 2017, kenako mndandanda wa CDF uja ukabwera mundiponyerenso nane ndiuone.