Musanaitaye laputopu ija, aphunzitsi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a ku Dedza. Laputopu yawo ndi ya 2014, purosesa ya Core i3, RAM (malo omwe kompyuta imasungira kwakanthawi zomwe ikugwirapo ntchito) ya 4GB. Mwana wa achimwene awo anawaikira Windows 11 atamva kuti Windows 10 yatha, ndipo tsopano akaiyatsa amatha kutereka tiyi n'kumwa isanatseguke. Wokonza makompyuta wawauza kuti angogula ina. Funso lawo linali lalifupi: kodi yafadi?

Aphunzitsi, mwandigunda pachilonda.

Mu 2016 ndinali ndi laputopu ya kaunjika yomwe ndinagula ku Limbe, ili ndi Windows 7. Nthawi imeneyo Windows 10 inkaperekedwa ulere, ndipo mwayiwo unkatha pa 29 July. Ine wokonda zaulere ndinachezera usiku wonse, bandulo n'kutha kawiri. Kutacha, makina anga anali atasanduka nkhono. Kanyale ka hard disk kanali kungoyaka osaphethira, m'kati mukumveka kr-kr-kr ngati mbewa ikukukuta chimanga m'nkhokwe. Ndikadina Word, ndinkayamba ndasesa m'nyumba.

Ndinaitengera kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta. Sanaiyang'ane n'komwe. "Mavairasi awa, bwana. Tifomate." Ine n'kuvomera. Sanandifunse za mafayilo, inenso sindinaganize zofunsa, ndipo m'menemo munali zithunzi zonse za chinkhoswe cha mlongo wanga. Ndine ndekha ndinajambula tsiku lija. Mpaka lero nkhaniyi ikatuluka pabanja ndimanamizira kukatunga madzi. Chowawa kwambiri n'chakuti patangotha masiku atatu laputopuyo inabwerera mwakale. Nditabwereranso anandiikira antivirus yachiwiri pamwamba pa yoyamba, atambala awiri m'khola limodzi, aliyense akufufuza mnzake, ine ndikudikira.

Kufomata kwasanduka panado wathu. Mutu ukawawa, panado. Mwendo ukathyoka, panadonso. Ndinene mosabisa: wokonza amene akukuuzani kuti mufomate kapena mugule ina asanatsegule Task Manager, kapulogalamu ka Windows koonetsa zomwe zikulemetsa kompyuta, sakukonza, akulosera. Sindikuwada anyamatawa, ambiri anaphunzira poonera anzawo ndipo akusaka ya ndiwo ngati ife tonse. Koma ntchito ya mphindi imodzi yokha imaonetsa pamene pali nthenda, ndipo saichita.

Ndisaiwale timapulogalamu tija tolonjeza kutsuka kompyuta n'kuithamangitsa. Tichotseni tonse. Timadya RAM yomweyo imene mukuilirira. Komanso lekani kuika laputopu pabulangete. Mpweya umalowera pansi, fani imayamwa fumbi ndi ulusi, ndipo ikatentha purosesa imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. M'mwezi wotentha wa October ndiye zimanyanya. Ndinatsegulapo ina n'kupeza fumbi litaumbika ngati thonje la m'pilo.

Amene anandipulumutsa anali mnzanga wa kuntchito. Anangoti vuto ndi mbale. Hard disk yakale ndi mbale yozungulira, zambiri za m'malaputopu zimazungulira ka 5,400 pa mphindi, ndipo kasingano kamayendayenda pamwamba pake kufuna fayilo iliyonse. Windows 7 sinkaipanikiza kwambiri. Windows 10 ndi 11 zimagwira ntchito zambiri mwakachetechete: kukoka ma update, kulemba mndandanda wa mafayilo, kufufuza mavairasi. RAM ya 4GB ikadzaza, zotsala zimatayidwa pa mbale yomweyo, kasingano n'kusowa poyambira. SSD, chosungira mafayilo chamakono cholowa m'malo mwa hard disk, ilibe chozungulira chilichonse. Titaiika, laputopu yomwe ndinatsala pang'ono kuigulitsa mtengo wa nkhuku inkatseguka ndisanakhale pampando bwinobwino.

Pa za Windows 11, mwana wa achimwene anu anali ndi mtima wabwino, koma anaikakamiza. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo) ndipo purosesa ikakhala ya Intel, ikhale ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, yomwe inayamba kutuluka mu 2017. Yanu ya 2014 sili pamndandanda, ndipo Microsoft inanena kuti makina oterewa sakutsimikiziridwa kulandira ma update. Windows 10 nayo sinazime pa 14 October 2025. Imayakabe. Chomwe chinatha ndi zigamba za nthawi zonse zotseka mipata ya akuba a pa intaneti.

Tsono muchite chiyani

Choyamba koperani mafayilo anu onse pa flash, makamaka ma scheme ndi magiredi a ana. Kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, pitani pa Performance, yang'anani Disk. Pakalembedwa HDD ndipo nambala ikungokhala pa 100%, mwaipeza nthenda. Pa Startup apps zimitsani chilichonse chomwe simuchifuna m'mawa, ndipo antivirus yowonjezera ichotseni, ya Windows yomweyo ndi yokwanira. Ngati Windows 11 yaikidwa kumene, isiyeni pachaja tsiku lathunthu imalize zake. Ngati sipanathe masiku 10 ndipo anaiika pamwamba pa yakale osafomata, mukhoza kubwerera pa Settings, System, Recovery, Go back.

Mankhwala enieni ndi SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, ya 256GB ikukwanirani, ndipo thumba likalola onjezerani RAM ifike 8GB. Hard disk yakaleyo musataye, iguliren kabokosi ka USB ikhale nkhokwe. Ngati ntchito yanu ndi kulemba mayeso ndi kuwerenga imelo basi, Linux Mint ya Xfce, yomwe imaikidwa m'malo mwa Windows, ndi yaulere ndipo imabwera ndi LibreOffice yolembera ngati Word, kungoti sabata yoyamba mudzanditukwana.

Mukabwerera kwa wokonza uja, pitani SSD ili m'manja ndi flash ili m'thumba. Ndipo munditumizire nambala yomwe mwaiona pa Disk paja.