Kodi pemphero limaombola munthu?

Funso, lochokera kwa mayi wina wa ku Matero: "Pochitira umboni kutchalitchi ndinati pemphero landiombola. Titatuluka, mkulu wa mpingo anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndikanati landipulumutsa. Kodi si chimodzimodzi?"

Mayi, mawu awiriwa ndi apachibale koma si mapasa. Kupulumutsa ndi kuchotsa munthu pangozi. Wovuula mwana amene wagwera m'ngalande ya madzi nyengo ya dzinja wamupulumutsa, ndipo sanalipire kanthu. Kuombola kumafuna malipiro. Muno mu Lusaka timazidziwa bwino: mukasiya wailesi ngati pinyolo kwa munthu wa kaloba, simukaitenga ndi pakamwa pokha, mumakaiombola ndi ndalama. Makolo athu ankaombolanso m'bale wawo wogwidwa ukapolo popereka mbuzi kapena nsalu. Choperekacho ndiye dipo.

N'chifukwa chake omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, anasankha mawu akuti dipo pa Marko 10:45, pamene Yesu akunena za kupereka moyo wake chifukwa cha anthu ambiri. M'chiphunzitso cha Chikhristu, woombola ndi amene walipira, ndipo wolipirayo ndi Khristu.

Nanga pemphero? Limachokera ku kupempha, ndipo wopempha amabwera chimanjamanja. Mukati "pemphero landiombola" mwalisandutsa ndalama, ngati kuti mawu anu ndiwo anagula ufulu wanu. Pamenepo mkuluyo anamva bwino. Komabe ine sindikhutira ndi mawu amene anakupatsani m'malo mwake, chifukwa "pemphero landipulumutsa" likusiyabe mwini ntchito kunja. Pa Aroma 10:13 woitana pa dzina la Ambuye ndiye adzapulumuka, koma womupulumutsa ndi woitanidwayo. Ndikanakonda mukanati, "Ndinapemphera, Ambuye anandipulumutsa."

Pali mawu ena amene ndimawadandaula kuti akuzilala m'makwalala a mzinda uno: kupembedzera. Inu amayi mumadziwa kupembedza mwana wolira, kumunyengerera mofatsa mpaka atatonthola. Mukaonjezera -er- mwaloza wina amene mukumuchitira. Ahebri 7:25 amaphunzitsa kuti Khristu ali moyo kuti azipembedzera amene amafika kwa Mulungu kudzera mwa iye. Choncho amayi a chigwirizano akagwada pa bedi la wodwala ku chipatala chachikulu cha UTH, sakumuombola, akumupembedzera.

Pa kalembedwe, mudzaona ena akulemba kuombola, ena kuwombola. Onsewo akunena chinthu chimodzi.