Kodi ukapolo unatha liti kwenikweni kuno kwathu ku Mozambique?

Achimwene ena a ku Ulongwe andilembera imelo. Akuti kusukulu anaphunzira zoti ukapolo unathetsedwa m'zaka za m'ma 1800, koma agogo awo amasimba zoti m'ma 1950 anagwidwa usiku, kumangidwa zingwe n'kupita nawo kuchibalo. Nde akufunsa kuti wonama ndani, buku kapena agogo, komanso nkhani yomasula akapoloyi inayambira kuti.

Achimwene, apa palibe wonama. Buku likunena zomwe zinalembedwa papepala, agogo akunena zomwe thupi lawo linamva.

Ambiri timaganiza kuti azungu anangodzuka tsiku lina n'kumva chisoni, ayi ndithu, anayamba ndi akapolo eni ake. Mu 1791 akapolo a m'minda ya nzimbe ku Saint-Domingue anaukira Afalansa, anamenya nkhondo zaka zambirimbiri mpaka mu 1804 dziko la Haiti linabadwa. Angelezi analetsa malonda a akapolo mu 1807, lamulo lowamasula linadza mu 1833, koma omasulidwawo anawakakamizabe kugwirira mabwana awo omwewo mpaka 1838, ndipo chimene chimandiwawa mtima n'chakuti boma linapereka chipukuta misozi cha mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, pomwe amene anathyoka misana m'mindamo sanalandire olo khobiri. Ku America Pulezidenti Lincoln analengeza zomasula akapolo a m'madera oukira boma pa 1 Januwale 1863, ukapolo n'kuthetsedwa m'malamulo mu 1865. Brazil ndiye anatsalira mpaka 1888, ndipo kumeneko n'komwe kunapita abale athu ambiri a m'chigwa cha Zambezi, kudzera padoko la Quelimane.

Kuno kwathu nkhani yake njopindapinda. M'maprazo, minda ikuluikulu ya Apwitikizi ya m'mbali mwa Zambezi, munali Achikunda, akapolo onyamula mfuti, omwe ankatumidwa kukasaka minyanga ya njovu, kutolera msonkho komanso kukagwira anthu anzawo. Tisabisenso mawu, mafumu athu ena ankagulitsa anthu posinthana ndi nsalu, mikanda ndi onga. Apwitikizi analetsa kutumiza akapolo kunja mu 1836, mu 1869 anati ukapolo watha m'madera awo onse, komabe omasulidwawo azitumikirabe mpaka 1878. Kenako mu 1899 anakhazikitsa lamulo loti munthu wakuda aliyense ali ndi udindo wogwira ntchito, ndipo ngati sukuoneka kuti uli pa ntchito yomwe boma likuivomereza, kulima kamunda kako ka chakudya nthawi zambiri kunalibe kanthu kwa iwo, ankakutenga. Chibalo cha agogo anucho n'chimenechi, miyezi isanu ndi umodzi kumsewu kapena kumunda kwa mzungu, malipiro ake osakwana n'komwe kanthu ukachotsa msonkho. Madera ena anawonjezera thonje lokakamiza, anthu n'kumasowa nthawi yolima chimanga. Wokana ankamenyedwa ndi mbalamatodya, kathabwa kamabowo kaja komenyera m'zikhato, manja ankatupa moti munthu amatha masiku osagwira khasu, nsima yomwe kuchita kumudyetsa.

Nde ine ndikamamva kuti munthu wamasulidwa ndimafunsa zinthu ziwiri basi, kodi angathe kukana ntchito osamenyedwa? Nanga angathe kuchoka n'kupita komwe akufuna? Agogo anu mu 1950 sakanatha zonse ziwiri, ngakhale panalibenso amene akanawagulitsa pamsika.

Koma makolo athu sanakhale manja lende. Ambiri anathawa usiku ndi mabanja awo kuolokera ku Nyasaland, cha ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena ku Rhodesia, midzi ina mpaka kutsala mabwinja. Mu 1917 anthu a ku Barue anaukira atatopa ndi kugwidwa kukalambula msewu wochoka ku Tete kupita ku Macequece komanso kunyamula katundu wa nkhondo, ndipo moto unafalikira mpaka ku Zumbo. Chomvetsa chisoni n'chakuti pouzimitsa Apwitikizi analemba Angoni ambirimbiri, anthu a kwathu konkuno, kuti akamenye anzawo. Izi sitikonda kuzikamba koma zinachitika.

Lamulo losiyanitsa anthu akuda ndi azungu Apwitikizi analichotsa mu 1961 nkhondo itabuka ku Angola, osati chifukwa cha chifundo. Frelimo inayamba nkhondo mu 1964, mu Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu kufupi ndi Tete, ndipo mbendera yathu inakwera pa 25 Juni 1975.

Mafunso awiri aja ine ndimawafunsabe lero ndikaona kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri katatengedwa kumudzi kuti akakaphunzitsa sukulu mu tawuni, koma kakungolera ana ndi kutsuka mbale, osalipidwa, ndalama ya thiransipoti yobwerera kwawo kalibe.