Ndevu Zandidanitsa ndi Bambo Anga

FUNSO: Akonzi, ndasunga ndevu kwa miyezi isanu tsopano. Bambo anga akangondiona amapukusa mutu, ati mwamuna waulemu wake amameta, ndevu ndi za anyamata ongotengeka a masiku ano. Kodi akunena zoona? Ndine wowerenga wanu wokhumudwa.

YANKHO: Achimwene, musakangane nawo bambo, koma mbiri ikuwatsutsa. Chibwano chosalala akuchinyadiracho ndi fashoni nachonso.

Ku Igupto wakale amuna ankameta, komabe mafarao ankamangirira ndevu zochita kupanga pachibwano monga chizindikiro cha ufumu. Ngakhale ziboliboli za Hatshepsut, farao wamkazi, zili nazo. Ku Russia, mu 1698, mfumu Peter inafika poika msonkho wa ndevu. Wolipira ankapatsidwa kachitsulo konga ndalama kuti aziyenda nako ngati umboni.

M'zaka za m'ma 1800 zinthu zinatembenuka, munthu waulemu anali wandevu. Abraham Lincoln, amene anakhala pulezidenti wa dziko la America, anayamba kusunga zake mu 1860 kamtsikana ka zaka 11 katamulembera kalata yomulangiza kutero. Asilikali a Britain nawo, kuyambira 1860 mpaka 1916, lamulo linkawaletsa kumeta za pamlomo wam'mwamba.

Nanga zinathera kuti? Ine ndimaloza lezala ndi nkhondo. Mu 1904 munthu wina wa ku America dzina lake King Gillette anapatsidwa umwini wa kachipangizo kometera ka lezala yotaya ikabuntha, ndipo munthu anayamba kudzimeta yekha m'mawa osaopa kudzicheka pakhosi ndi lumo. Kenako pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse kunabwera mpweya wapoizoni. Chophimba kumaso chodzitetezera sichigwira bwino pa ndevu, mpweya umalowera m'mbali. Msilikali anayenera kumeta kuti akhale moyo. Atabwerera kwawo anapitiriza, maofesi n'kutengera, ana awo n'kukula akuona ngati ndi mmene mwamuna amayenera kuonekera. Bambo anu analandira zimenezo.

Komatu ndikufunseni, ndevu zanuzo zili bwanji? Ine ndinasungapo zanga chaka chathunthu. Tsiku lina ndili pagalasi ndinaona kuti tsaya lamanzere zadzaza, lamanja zangomera patalipatali ngati chimanga chosowa mvula, ndipo madzulo omwewo ndinazichotsa. Mwina chikuwanyansa bambo ndi chimenecho. Muzizitsuka ndi sopo, muzizipesa, za pakhosi muzimeta, zotsikira pamlomo muzidula ndi sizasi. Mukatero mukawaonekerenso, mudzatilembere zimene anene.